Nkhope za akwati zikutuluka zapepo: yesani kabokosi kotuwa kaye

Funso lochokera kwa wojambula wa pa Lizulu: "Ndinajambula ukwati ku Bembeke. Pa foni ndi pa laputopu zithunzi zili bwinobwino, koma ndikasindikiza nkhope zikutuluka zofiira mopita ku pepo, ndipo zitenje zabuluu za amayi a kwaya zasanduka pepo weniweni. Ndawonjezera kuwala, ndasintha mapepala, palibe chasintha. Eni ukwati akana kulandira. Kodi printa yanga yatha?"

Printa sinathe, achimwene. Yelo watsekeka. Vuto limeneli ndaliona kambirimbiri, ndipo nthawi zambiri ndikafunsa kuti munathira inki yanji, munthu amayamba kuyang'ana kudenga. Inki ya m'timabotolo topanda dzina tija, ya mtengo wa mbale ya tchipisi, imauma m'timabowo ta mutu wa printa, makamaka makina akakhala masiku angapo osagwira ntchito. Yelo ndiye amanamiza kwambiri chifukwa akamadukiza papepala loyera diso silimuona msanga. Mumangoona kuti mkwati wasanduka biringanya.

Koma musandikhulupirire ine, ndipo maso anuwo musawakhulupirirenso. Diso limazolowera. Mukayang'ana chithunzi kwa mphindi zingapo pansi pa babu lachikasu, ubongo umayamba kukonza wokha mitundu. Yesani ndi manambala.

Tsegulani GIMP, pulogalamu ya pa kompyuta yokonzera zithunzi, ndi yaulere. Tengani kachida kotolera mtundu, mukauze kuti kazionetsa CIE LCh. Mupeza manambala atatu. L ndi kuwala monga momwe diso la munthu limakuonera, kuyambira 0 pa mdima bii mpaka 100 pa kuyera mbee. C ndi kukhathamira kwa mtundu: 0 ndi phulusa lopanda mtundu uliwonse, ndipo nambala ikamakwera mtundu ukunka nulimba. Nambala ya h ndiyo imanena kuti mtunduwo ndi uti, ndipo imawerengedwa m'madigiri mozungulira ngati wotchi: pa 0 pali kufiira kopita ku pinki, pa 90 yelo, pa 180 girini, pa 270 buluu. Kayezedwe aka kanachokera ku CIELAB, amene bungwe la CIE, loona za kuwala ndi mitundu padziko lonse, linakhazikitsa mu 1976. Ngati muli ndi Photoshop, ikani Lab (ndiyo CIELAB yomweyo) pa Info; manambala a a ndi b akakhala pafupi ndi 0 ndiye kuti C alinso pafupi ndi 0.

Wina andiuza kuti RGB ndi HSL, njira zina zolembera mitundu m'manambala, zilipo kale. Zilipo, koma HSL imati yelo wa 255, 255, 0 ndi buluu wa 0, 0, 255 onse kuwala kwawo ndi 50 peresenti. Funsani mwana wa sitandade 1 akuuzani kuti ndi bodza. Pa L yelo ameneyo ali pafupi ndi 97, buluuyo pafupi ndi 32, monga momwe diso limaonera.

Tsono mayeso amene ine sindiyamba ntchito iliyonse ya mitundu ndisanachite ndi awa. Pangani kabokosi kakakulu ngati bokosi la machesi, mukadzaze ndi 119, 119, 119 pa RGB. Ameneyu ndi phulusa wapakatikati, L wake ali pafupi ndi 50, C ndi 0. Sindikizani papepala lomwelo la zithunzi, mwa masetingi omwewo amene munasindikizira ukwati. Musasankhe zoti isindikize ndi inki yakuda yokha, chifukwa tikufuna kuti printa isakanize cyan (buluu wowala), magenta (pinki wolimba) ndi yelo tione amene akujomba. Lisiyeni pepalalo liume bwino, inki yonyowa mtundu wake umasuntha. Kenako liikeni pa sikana, muzimitse zonse zokonza mitundu zokha, ndipo poyeza chithunzi cha sikanacho mu GIMP musatole kadontho kamodzi. Yatsani Sample average kuti itenge dera lalikulu, apo ayi mugwera pa kadontho kamodzi ka inki n'kuyamba kulira maliro a munthu wamoyo.

Kwa ine C akakhala 3 kapena 4 ndilibe naye mlandu. Akafika cha ku 8 kapena kupyola, pali wodwala, ndipo h ndiye amatchula dzina lake. Phulusa wanu akapendekera cha ku 280 mpaka 310, buluu wopita ku pepo, ndi yelo amene sakutuluka. Akapita cha ku 20 mpaka 40, kufiira, wasowa ndi cyan. Akagwera cha ku 140 mpaka 160, girini, ndi magenta. Inki imene yasowa imasiya mtundu woyang'anizana nayo pa wotchi ija. Ine ndikubetcha kuti wanu mumupeza cha ku 300. Yezaninso m'mphepete mwa pepala momwe simunagwe inki, chifukwa mapepala ambiri a zithunzi amathiridwa mankhwala owalitsa amene amawapendeketsa pang'ono ku buluu. Zimenezo si vuto la printa, muzichotse m'maganizo powerengera. Kabokosi kameneka ndimakasindikiza ngakhale pa makina anga amene alibe vuto, n'kulemba tsiku kuseri. Ndili ndi mulu wa timapepala totere mu diloo, ndipo makina akayamba kudwala ndimadziwa kasitomala asanabwere kudzakalipa.

Za khungu zili ndi chinsinsi chimene ojambula ambiri sachidziwa. Pa tchati cha ColorChecker, chija cha timabokosi 24, pali kabokosi ka khungu lakuda ndi ka khungu loyera. L wawo ndi wosiyana kwambiri, cha ku 38 ndi cha ku 66, koma h wa onse awiri ali cha ku 45. Kusiyana kwathu ndi azungu kuli kwambiri pa L. Ndiye mukayeza tsaya la mkwati papepala n'kupeza h watsikira ku 20 kapena ku 10, yelo wachepa, basi. Apa ndi pamene munalakwitsa powonjezera kuwala. Munakankha L, pamene wosokera ndi h. Munangopeza biringanya wowala.

Musanatsegule printa, yezani kaye kolala ya malaya oyera a mkwati mu fayilo yeniyeniyo. Ku Bembeke kukachita chifunga, kapena mukajambulira pamthunzi wa tchalitchi, kuwala kumakhala kwabuluu ndipo kamera nthawi zina imalephera kukonza. Kolala ikaonetsa C wa 10 ndi h cha ku 270, konzani white balance mu fayilo, kuti zoyera zibwerere kukhala zoyera. Mwina simunazione pa sikirini chifukwa Night Shift kapena Eye comfort shield, masetingi oteteza maso, inali yoyatsa, ndipo zimenezi zimathira chikasu n'kubisa buluu. Ngati sikirini ya foniyo munasinthitsa ndi zotchipa zija, musaweruzirepo mtundu uliwonse.

Kukonza kwake mukukudziwa. Nozzle check (kusindikiza mizere yoyesera timabowo), muyang'ane mizere ya yelo pawindo, head cleaning (printa itsuke mutu wake) kawiri, ikakana isiyeni igone muyesenso mawa. Osachita kakhumi motsatizana, mungomaliza inki ndi kudzaza thonje la zinyalala. Singano ayi. Ndalandirapo mutu wa printa umene mwini wake anautokosa ndi phini, n'kumadabwa kuti ndikumuuza mtengo wa watsopano. Ngati munathira inki yotchipa ija, ichotsedwe yonse, osathira yabwino pamwamba pake.

Zitenje zija mwina zibwererako ku buluu yelo akayamba kutuluka, koma musayembekeze kuti zifanana ndi za pa foni. Buluu wa sikirini C wake amapyola 130, inki ya papepala siingafikeko. Ndipo mukamatsitsa C wa buluu wolimba mu Lab, amakonda kutsetserekera ku pepo. Ichi ndi chilema chodziwika cha CIELAB, chimodzi mwa zimene Björn Ottosson ankakonza pamene anatulutsa kayezedwe kena ka mitundu kotchedwa Oklab mu 2020. Sankhani pepala lolondola m'masetingi a printa, ndipo zithunzi za pa WhatsApp muziwauza makasitomala atumize ngati Document.

Funso lina lachokera kwa mayi wina wa ku Tsangano: "Mwana wanga akuti foni ingathe kuyeza ngati tomato wapsa pogwiritsa ntchito manambala a mitundu. N'zoona?"

Mwanayo sakunama, mayi. Akatswiri a zaulimi amayezadi kupsa kwa tomato ndi h: wosapsa amakhala pamwamba pa 100, ndipo akamapsa nambala imatsika mpaka cha ku 40. Vuto ndi foni. Imasintha yokha mitundu pa chithunzi chilichonse, moti tomato mmodzi yemweyo akupatsani manambala osiyana m'mawa ndi madzulo. Muuzeni aziika pepala lotuwa kapena loyera pambali pa tomatoyo, azijambulira pamthunzi pamalo amodzi, ndipo ayambe wakonza chithunzicho mpaka C wa pepalalo atsikire pafupi ndi 0. Asayeze pamene khungu la tomato likunyezimira, pamenepo akuyeza dzuwa. Pa dengu limodzi lopita ku msika chala chanu chimafulumira kuposa foni.