Yankho kwa achemwali afunsa za kagalimoto ka haidrojeni

Achemwali, mwafunsa ngati kiti ija mwana wanu akulirira, ya ka sola ndi kagalimoto koti kamayendera madzi, ndi yeniyeni kapena angokudyerani ndalama, komanso ngati singaphulike mnyumba. Ndi yeniyeni ndithu, ine ndingati mugulireni, koma mumve kaye mmene imagwirira ntchito chifukwa kuiwononga sikuchedwa.

Ka solako mukakaika padzuwa kamatulutsa magetsi ochepa, mwina mavoti 2 basi, ndiye magetsiwo amalowa mu kabokosi kaja amati fuel cell nkugawa madzi pawiri, haidrojeni mbali yake okosijeni mbali yake, mipweyayo nkumasonkhana mu timabotolo tiwiri. Mukachotsa sola nkulumikiza mota kabokosi komweko kamagwira ntchito mobwerera, mipweya ija imakumananso nkukhala madzi ndipo pamenepo mpomwe magetsi amatuluka, matayala nkuyamba kuzungulira. Ndiye mphamvuyo kwenikweni ndi ya dzuwa, haidrojeni amangoisunga ngati batire.

Pomwe ine pamandisangalatsa mpa timabotoloto. Mumuuze mwana asathamangire kuyendetsa galimoto, akhale pansi aziyang'ana mizere ija ya ma ml, aona kuti haidrojeni akuchuluka kawiri kuposa okosijeni, mbali ina ikafika pa 10 inayo ili pa 5. H2O amangoloweza mkalasi uja akumuona ndi maso ake, ndipo mwana akaona yekha zimenezi saiwalanso.

Koma nkhani yaikulu ndi madzi, apa chonde mundimve. Osathira apampopi olo a mbotolo akumwawa, pamafunika distilled water, amapezeka ku pharmacy kapena mmashopu a ma spare a galimoto, amene amaonjezera mu batire aja, koma muwerenge bwino pabotolo musatenge asidi. Mkati mwa kabokosimo muli kachikopa kopyapyala kopakidwa platinum pang'ono, timichere ta m'madzi wamba timakapha ndipo sikakonzeka. Platinum ameneyu wambiri padziko lonse amakumbidwa konkuno ku South Africa, cha ku Rustenburg uko, nchifukwa chake boma la kuno linayambitsa pologalamu ya HySA mu 2008 yofufuza za haidrojeni, ndiye mwana wanu akuseweretsa chinthu choti mawa chingadzamupatse ntchito.

Zophulikazo musade nkhawa kwambiri, mpweya wake ndi wochepa zedi. Komabe haidrojeni amayaka msanga, ndiye kandulo, fodya, sitovu ya parafini zikhale kutali, windo lotsegula, makamaka enafe tikukhala chipinda chimodzi chomwe timaphikiramo.

Dzuwa kuno ku Johannesburg ndi lokwanira olo mu June kukuzizira, bola atuluke nako panja masana, kuseri kwa galasi la windo kumachedwa.

Ngati ndalama sizinakwane mwezi uno yambani ndi zapakhomo. Batire ya 9V, mawaya awiri, mapensulo awiri osongola mbali zonse, tambula ya madzi ndi soda pang'ono yemweyu timathira mu therere, muona thovu likutuluka kunsonga za mapensulo, ndipo mbali ya negative ndi yomwe ichuluke thovu chifukwa ndi ya haidrojeni. Mchere osathira, umatulutsa klorini woipa kupuma.

Loweruka lina mupite naye ku Sci-Bono, malo oonetsera za sayansi ku Newtown, komanso mufunse aphunzitsi ake za Eskom Expo, chionetsero cha sayansi cha ana asukulu, projekiti ngati imeneyi angathe kulowa nayo mpikisano.