Ku Chad wolanda boma amachokera m'nyumba momwemo

Achimwene, mwafunsa kuti n'chifukwa chiyani ku Chad kulanda boma ndi kuukira sikutha chilandirireni ufulu mu 1960, ndipo ena ayankha kale kuti ndi umphawi komanso kusowa doko. Ine yankho limenelo silikundikwanira. Ifenso kuno ku Malawi doko tilibe, umphawi ndiye osachita kunena, koma asilikali sanalandepo boma.

Tiyambire pa msonkho. Pulezidenti woyamba, François Tombalbaye, anali wa kummwera, komwe atsamunda a ku France ankalimitsa thonje n'kumangako timasukulu. Kumpoto ndi pakati, kwa Asilamu ambiri oweta ziweto, boma linkaoneka pokhapokha likabwera kudzatolera msonkho. Mu 1965 anthu a ku Mangalmé zinawakwana, anaukira otolera msonkhowo, ndipo chaka chotsatira gulu loukira la FROLINAT linakhazikitsidwa ku Sudan. Tombalbaye anaphedwa ndi asilikali a boma lake lomwe mu Epulo 1975.

Tsono onetsetsani amene ankachotsana pampandopo. Félix Malloum atalowa, anatenga Hissène Habré kutchire n'kumupatsa unduna waukulu mu 1978; pasanathe chaka awiriwa anali kuwomberana m'misewu ya N'Djamena. Goukouni Oueddei atakhala mtsogoleri, Habré yemweyo anali nduna yake ya zachitetezo, ndipo anamuthamangitsa mu 1982. Nanga Habré anachotsedwa ndi ndani? Idriss Déby, yemwe anali mkulu wa asilikali ake. Déby anathawira ku Sudan mu 1989, n'kubwerera mu Disembala 1990 ndi mapikapu a Toyota okhala ndi mfuti zikuluzikulu kumbuyo. Aliyense anaphunzira kwa bwana wake kuti mpando umatengedwa bwanji, ndipo ukakangana ndi bwana sumapita ku khoti kapena ku chisankho, umawoloka malire kukasonkhanitsa anyamata.

Ndiye kuwoloka malireko kunali ndi okulandira. Gaddafi wa ku Libya ankafuna chigawo cha Aouzou chakumpoto kwa Chad, choncho ankathandiza Goukouni. France ndi America ankathandiza Habré poti ankalimbana ndi Gaddafi, zomwe zinkachitika m'ndende za Habréyo osaziona dala. Komiti yofufuza inati anthu pafupifupi 40,000 anaphedwa mu ulamuliro wake, ndipo mu 2016 khoti la ku Senegal linamulamula kukhala m'ndende moyo wake wonse.

Mafuta asanayambe kutuluka mu 2003, kudzera pa paipi yopita ku Kribi ku Cameroon, World Bank inagwirizana ndi boma kuti ndalama zambiri zizipita ku sukulu ndi zipatala. Déby anasintha lamulo la mgwirizanowo, nati chitetezo kaye. Kunena chilungamo, oukira anali pakhomodi: mu Febuluwale 2008 anafika mpaka pafupi ndi nyumba ya pulezidenti. Koma ena mwa atsogoleri awo anali abale ake enieni.

Déby anamwalira mu Epulo 2021 atavulala kunkhondo yolimbana ndi gulu loukira la FACT lochokera ku Libya, zotsatira za chisankho chomupatsa teremu yachisanu ndi chimodzi zitangolengezedwa. Malamulo ankati sipikala wa nyumba ya malamulo ndiye agwirizire. Asilikali anathetsa nyumbayo n'kuika mwana wake, Mahamat, wa zaka 37, ndipo Macron, pulezidenti wa France, anapita kumaliro n'kukhala naye pafupi. Chisankho chinadzachitika mu Meyi 2024, Mahamat atakhala kale pampando zaka zitatu, ndipo analengezedwa kuti wapambana.