Agogo akamanjenjemera, musawachotse pamphasa

Mdzukulu wanga, wandifunsa za agogo ako aamuna. Wati dzanja lawo likunjenjemera ngakhale atangokhala, mbamu ikuwapulumuka isanafike pakamwa, ndipo abale ako akufuna kuti azidyera okha kuseri chifukwa cha manyazi. Wati kumudzi ayamba kale kunong'ona za ufiti.

Zimenezi zikufanana ndi matenda a Parkinson, amene dokotala wa ku London, James Parkinson, anawafotokoza mu 1817. Mu ubongo muli timaselo topanga dopamine, imene imathandiza kuti thupi liziyenda mwamyaa. Timaseloti tikamafa pang'onopang'ono, thupi limauma ndipo munthu amachedwa pa chilichonse. Matendawa amagwira kwambiri opitirira zaka 60, sapatsirana, ndipo palibe amene anawalodza kapena amene iwo alodza. Nkhalamba zambiri zazunzidwa m'dziko muno chifukwa cha manong'onong'o otere, choncho pitani kwa a mfumu nkhaniyi isanakule.

Ukawaona m'mawa akulimbana ndi batani la malaya, usawalande. Khala pafupi, udikire. Akamanga okha limodzi, iwe umange otsalawo. Akafika pakhomo n'kuima ngati mapazi amatidwa pansi, usawakoke dzanja, angagwe. Uwawerengere mokweza, "chimodzi, ziwiri," kapena ujambule mzere padothi kuti audumphe, ndipo nthawi zambiri phazi limanyamuka. Nkhope yawo ikaoneka youma, osamwetulira, sikuti akukwiyirani. Minofu ya kumaso nayonso yalimba. Mawu akatsika, sendera pafupi, usayankhe m'malo mwawo. Nzeru zawo zilipo, ndipo milandu ya pabanja aziitanidwabe.

Za kudyera kuserizi ndakana. Munthu amene anakulererani sabisidwa alendo. Apatseni kapu yokhala ndi chogwirira, madzi osadzaza, ndiwo zofewa, adye atakhala tsonga mosawafulumizitsa, poti kumeza kumavuta ndipo akhoza kutsamwa.

Pitani nawo kuchipatala cha boma lanu, kumeneko madokotala angakutumizeni ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Mankhwala ochiritsiratu kulibe, koma a levodopa amafewetsa thupi. Akawapatsa, mmodzi wa inu azisunga nthawi yomwera, ndipo agogo asasiye kumwa mwadzidzidzi dokotala asananene. Tsiku lililonse muziyenda nawo pang'ono, ngakhale kungofika kudimba n'kubwerera.