Luso la pa nkhondo limafunikanso m'dziko la mtendere

Achimwene, mwafunsa ngati pali phindu kuphunzitsa ophunzira za udokotala kuthandiza ovulala pa nkhondo pamene dziko lathu lili pa mtendere. Ine ndikuona kuti phindu lake ndi lalikulu, chifukwa luso lomwelo ndi limene linafunika pa chivomerezi cha ku Karonga mu 2009 komanso pa namondwe wa Freddy mu 2023.

Basi ikagubuduzika pa Chiweta, ovulala ambiri angathe kufika pa chipatala chachikulu cha Mzuzu nthawi imodzi, ndipo dokotala ayenera kudziwa msanga woyamba kumuthandiza. Ayambe ndi kuletsa magazi amene akutuluka kwambiri ndi kutsegula njira yopumira, osathamangira amene akulira mokweza, pakuti wolirayo akupuma, pamene amene wangoti zii mwina mpweya ukumuthera.