Kodi ku Cuito Cuanavale ndi kumene nkhondo ya ku Angola inatembenukira?

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo. Akuti: "Achimwene, zimatheka bwanji kuti kumenyana kwa pamalo amodzi kusinthe nkhondo yonse yapachiweniweni? Nanga ku Cuito Cuanavale kuja, anapambana ndani?"

Bambo, Cuito Cuanavale ndi tauni ya kum'mwera chakum'mawa kwa Angola, ndipo funso lachiwirilo anthu akukanganabe mpaka lero.

Mu 1987 asilikali a boma la Angola, la chipani cha MPLA, ali ndi zida komanso alangizi ochokera ku Soviet Union, ananyamuka kulowera ku Mavinga kuti akathane ndi UNITA ya Jonas Savimbi, gulu loukira boma lomwe likulu lake linali ku Jamba. Asilikali a South Africa, omwe ankathandiza UNITA, anawatsekera njira pa mtsinje wa Lomba, ndipo pa 3 Okutobala anaphwanyiratu gulu lotchedwa 47th Brigade. Otsalawo anabwerera ku Cuito Cuanavale. Fidel Castro, mtsogoleri wa Cuba yemwe ankathandiza boma la MPLA, ataona kuti zavuta anatumiza asilikali ena zikwizikwi. A South Africa ndi UNITA anayesa kangapo kulowerera pa Tumpo, pafupi ndi Cuito Cuanavale, koma mizinga ndi mabomba okwirira pansi zinkawabweza. Ulendo womaliza unali wa pa 23 Malichi 1988, tsiku lomwe SADC imakumbukira chaka ndi chaka.

Mbali iliyonse imati tinapambana ndife, ndipo iliyonse ili ndi manambala ake. Ine kuwerenga akasinja opsa sikundikhutiritsa. Chomwe chinasintha n'chakuti akuluakulu onse anaona kuti mfuti siziwafikitsa komwe akufuna. Ku South Africa makolo achizungu ankaika maliro a ana awo, ndege za Cuba zinali zitayamba kulamulira mumlengalenga, ndipo asilikali a Cuba anatsikira kufupi ndi malire a Namibia, yomwe panthawiyo inkalamulidwa ndi South Africa. Naye Gorbachev, mtsogoleri wa Soviet Union, anali atatopa kulipirira nkhondo zakutali. Pa 22 Disembala 1988 Angola, Cuba ndi South Africa anasaina mgwirizano ku New York. Namibia inalandira ufulu pa 21 Malichi 1990, ndipo a Cuba anamaliza kuchoka mu 1991.

Komatu onani bwino: amene anachokawo ndi alendo. Eni nthaka anapitiriza. Kunabwera mgwirizano wa mtendere wa Bicesse pakati pa boma ndi UNITA mu 1991, chisankho mu 1992, Savimbi n'kukana zotsatira zake, mfuti n'kuyambanso kulira, boma likugula zida ndi ndalama za mafuta, UNITA ndi za dayamondi. Anthu a ku Huambo ndi Kuito anaona zoopsa mu 1993 kuposa kale.

Choncho Cuito Cuanavale inatembenuza nkhondo ya m'chigawo chino cha Africa, osati ya pakati pa anthu a ku Angola okhaokha. Imeneyo inatha mu Epulo 2002, Savimbi ataphedwa ku Moxico mu Febuluwale chaka chomwecho.