Musanagule intercooler yaikulu, yambani mwayeza kutentha kwa mpweya

Achimwene, mwati Subaru WRX yanu imathamanga bwino maulendo atatu oyamba pa track kenako n'kufooka, ndipo mukufunsa ngati mugule intercooler yaikulu yoika kutsogolo. Ine ndikuti ndalamayo muisunge kaye.

Turbo ikamapanikiza mpweya, mpweyawo umatentha, nthawi zina kupitirira madigiri 120. Ntchito ya intercooler ndi kuuziziritsa usanalowe mu injini. Tsono pa WRX intercooler imakhala pamwamba penipeni pa injini, moyandikana ndi turbo, choncho chitsulo chake chimamwa kutentha mpaka kukhuta, ndipo chikakhuta sichithanso kulanda kutentha kwa mpweya. Ndiye heat soak imeneyo. Mpweya wotentha ndi wopepuka: ukakwera ndi madigiri 10, wolowa mu injini umachepa ndi pafupifupi 3 pa 100 aliwonse. Umabweretsanso knock, kutanthauza kuphulika kwa mafuta mosalongosoka mu injini, ndipo kompyuta ya galimoto ikangomva knock imabweza timing, ndiye kuti imachedwetsa nthawi imene mapulagi amayatsa moto, kuti iteteze injini. Kufooka mukukumvako n'kumeneko.

Yambani mwayeza. Koma chenjerani apa, chifukwa ambiri amapusitsidwa: pa ma WRX akale, a injini yotchedwa EJ, sensa ya kutentha kwa mpweya ili mu MAF, kachipangizo koyeza kuchuluka kwa mpweya wolowa, mpweya usanafike pa turbo. Nambala imene OBD2 (polumikizira makina owerenga kompyuta ya galimoto) ikupatseni si ya mpweya wotuluka mu intercooler ayi. Ikani sensa ina mpweya usanafike pa throttle, kachitseko kolowetsa mpweya mu injini, mujambule manambala ake limodzi ndi a knock pa ulendo uliwonse.

Mukatero tsegulani boneti muone labala amene amalumikiza kamwa la pa boneti ndi intercooler. Akang'ambika kapena kuphwa, mphepo imangothawira m'mbali osadutsa m'zipsepse za intercooler. Zimandipweteka kuona munthu akutaya intercooler yabwinobwino pamene vuto linali labala yekhayo. Wongolani zipsepse zopindika, ndipo ngati mkati muli oilo mutsukemo.

Kayendetsedwe nakonso n'kofunika. Kudikira pa mzere injini ikulira kumaphika intercooler musanayambe n'komwe, poti mphepo siikuwomba. Ulendo womaliza muziyenda pang'onopang'ono osaponda mpaka turbo kuyamba kupanikiza mpweya (boost), ndipo mukaima muzitsegula boneti.

Ngati mwachita zonsezi koma kutentha kukukwerabe osatsika ngakhale pa msewu wowongoka, makamaka ngati munakweza boost, apo intercooler ya kutsogolo ndiyoyenera. Ingodziwani kuti idzatchinga rediyeta, ndiye madzi ndi oilo zingayambe kutentha; muikemo zotchinga m'mbali zokakamiza mphepo kudutsa monsemo, ndipo galimoto ikachunidwenso. Pa mitundu ya intercooler, yotchedwa bar-and-plate imachedwa kutentha chifukwa chitsulo n'chochuluka, koma ndi yolemera ndipo imachedwanso kuzizira. Kwa munthu wozungulira track mphindi 20 osapuma, ine ndingasankhe ya mtundu wopepuka wotchedwa tube-and-fin, koma yabwino, imene imalola mphepo yambiri kufika pa rediyeta.