Kodi Ray Stevens Ndi Wanthabwala Chabe?

Kalata imene ndikuyankha lero yachokera kwa bambo wina amene wakhala akukonda nyimbo za country kuyambira ali mnyamata. Iwo akuti mwana wawo anawaonetsa pa YouTube nyimbo ya Ray Stevens yonena za gologolo amene anasokoneza mapemphero m'tchalitchi, ndipo anaseka mpaka kugwetsa misozi. Kenako mnzawo anawauza kuti woimba yemweyo ndi amene anaimba "Everything Is Beautiful", nyimbo yofatsa imene ankaimva pa wailesi kalekale. Akufunsa ngati zimenezi zili zoona, ndiponso ngati munthu wotere tingamuwerengere m'gulu la oimba enieni.

Bambo, mnzanuyo sananame, ndipo ine ndikuona kuti Stevens ndi mmodzi mwa oimba amene anthu sanawapatse ulemu wokwanira chifukwa chakuti anawaseketsa kwambiri. Dzina lake lenileni ndi Harold Ray Ragsdale, ndipo anabadwa mu 1939 ku Clarkdale, m'chigawo cha Georgia ku America. Atasamukira ku Nashville, mzinda umene ndi chimake cha nyimbo za country, mu 1962, ntchito imene inkamudyetsa inali ya mu situdiyo: ankaimba piyano pa nyimbo za anthu ena, ankakonza kaimbidwe ka zipangizo, ndipo ali ku kampani ya Monument anathandiza kujambula zina mwa nyimbo zoyambirira za Dolly Parton, mayiyo asanatchuke. Ntchito imeneyi sapatsa munthu wamasewera, chifukwa mu situdiyo nthawi ndi ndalama, ndipo wolakwitsalakwitsa samuitananso.

Nyimbo zoseketsa ndi zimene zinamutchukitsa, ndipo palibe angatsutse zimenezi. "Ahab the Arab" inatuluka mu 1962, "Gitarzan" mu 1969, ndipo "The Streak", yonena za anthu amene ankathamanga ali mbulanda pagulu, inafika pa nambala 1 ku America ndi ku Britain mu 1974. Nyimbo ya gologolo imene inakusangalatsani, "Mississippi Squirrel Revival", ndi ya mu 1984. Sindingakubisireni kuti "Ahab the Arab" siindisangalatsa, chifukwa imaseka Aluya m'njira imene lero tingaitche chipongwe.

Komabe mphoto ziwiri za Grammy zimene Stevens analandira sizinachokere ku nthabwala ngakhale imodzi. Yoyamba anaipeza ndi "Everything Is Beautiful", imene analemba yekha ndipo inafika pa nambala 1 mu 1970. Nyimboyi imayamba ndi mawu a ana asukulu, kuphatikizapo ana ake aakazi awiri, akuimba nyimbo ya Sande sukulu yonena kuti Yesu amakonda ana onse, ndipo kenako iye amachonderera anthu kuti asaweruzane chifukwa cha khungu kapena kutalika kwa tsitsi. Tisaiwale kuti nthawi imeneyo panali patangotha zaka ziwiri Martin Luther King ataphedwa, nkhondo ya ku Vietnam inali itagawanitsa mabanja, ndipo woimbayo anali mzungu wa kummwera kwa America, kumene tsankho linazika mizu kwambiri. Mphoto yachiwiri inali ya luso lokonza nyimbo. Anatenga "Misty", nyimbo ya jazz yapang'onopang'ono imene Erroll Garner anapeka mu 1954, n'kuipatsa liwiro ndi kulira kwa banjo, moti mu 1975 inamveka ngati yabadwa kumene.

Koma nyimbo imene ndikufuna muimvetsere mofatsa ndi ina imene siinapite patali pa malonda. Mu 1969, wolemba nyimbo Kris Kristofferson asanadziwike, Stevens anakhala woyamba kujambula nyimbo ya Kristofferson yotchedwa "Sunday Mornin' Comin' Down". Nyimboyi imanena za mwamuna amene wadzuka Lamlungu m'mawa mutu ukuwawa ndi matsire, n'kuyamba tsiku ndi mowa, kuvala malaya amene akuonekako bwino mwa akuda onse, n'kutuluka kukayenda mumsewu wopanda anthu. Akuyenda amamva fungo la nkhuku imene wina akukazinga, amaona bambo akukankha kamtsikana kake pa katungwe, amamva ana akuimba ku tchalitchi, ndipo zonsezi zikungomukumbutsa kuti iye alibe aliyense. Mulibe choseketsa ngakhale chimodzi m'nyimboyi, ndipo Stevens anaiimba ndi mawu ake enieni, popanda kusinthasintha mawu monga amachitira pa nthabwala. Chaka chotsatira Johnny Cash anaiimbanso ndipo inafika pa nambala 1 pa nyimbo za country, moti ambiri lero amaganiza kuti ndi ya Cash. Zimenezi zimandipweteka, chifukwa amene anayamba kuzindikira kulemera kwa nyimboyo ndi munthu yemwe anthu ankayembekezera kuti azingowaseketsa.

Chaka chimodzi asanajambule nyimbo imeneyo, mu 1968, Stevens anali atalemba "Mr. Businessman", nyimbo yodzudzula mopanda mantha munthu wabizinesi amene amatanganidwa ndi kuwerenga phindu mpaka ana ake kukula iye osawaona. Mkwiyo umene uli m'nyimboyi ndi weniweni, ndipo uthenga wake sunakalambe. Anaimbanso nyimbo zauzimu, monga "Turn Your Radio On" ya Albert Brumley.

Mungafunse kuti zimatheka bwanji munthu mmodzi kukhala ndi mbali ziwiri zotere. Kwathu kuno tikudziwa kuti pamaliro adzukulu ndi amene amaseleula ndi kuseketsa anthu, koma ndi omwewonso amene amakumba manda ndi kunyamula bokosi, ndipo palibe amene amawaona ngati osadziwa kuwawa kwa imfa. Mukaimvetseranso nyimbo ya gologolo ija muona kuti chimene chikuseketsa kwenikweni si kanyamako, koma mayi wodziyesa woyera kuposa anzake amene akuyamba kuulula machimo ake pamaso pa mpingo wonse, gologoloyo atalowa m'chovala chake. Diso limene linaona chinyengo cha mayiyo ndi lomwenso linaona umbombo wa wabizinesi uja, ndipo khutu limene limadziwa pamene mawu oseketsa ayenera kugwera ndi lomwe linakonza "Misty". Vuto n'lakuti nyimbo yoseketsa imagulidwa msanga ndipo imamatirira pa dzina la woimba, moti mawailesi ndi makampani amangofuna inanso yofanana nayo.

A Country Music Hall of Fame, bungwe lolemekeza akatswiri a nyimbo za country, anamulandira m'gulu lawo mu 2019, ali ndi zaka 80, ndipo ine ndikuona kuti anachedwa kwambiri. Mukapeza mpata, bambo, mupemphe mwana wanu akupezereni "Sunday Mornin' Comin' Down" ya Stevens ndi ya Cash, muzimvetsere motsatizana, kenako mudzandilembere kuti yakukhudzani kwambiri ndi iti.